Bafa Loterera

Lachiwiri limenelo Make Mapasa anali ndi zake: kuviika matewera, kukolopa, kusoka batani la yunifolomu, kukagula makala dzuwa lisanakwere. Mlamu wake, mkazi wa achimwene ake, anamupeza manja ali m'thovu. Anabwera ndi mayi wina wa ku bungwe lothandiza amayi omenyedwa m'banja.

"Khalani pa ndowapo, mipando ana anathyola," anatero Make Mapasa.

Mayi wa bungwe anatsegula buku la kuchipatala la mlamuyo n'kuyamba kuwerenga. "Anagwa m'bafa. Anagwa pakhomo. Anagwa m'bafa." Analitseka. "Loya wa achimwene anu akuti bukuli ndi umboni woti sanamumenyepo. Khoti likamva zimenezo, lamulo lowaletsa kumuyandikira silituluka, ndipo ana awatenga."

Make Mapasa anapitiriza kufinya thewera lomwe linalibenso madzi. Maulendo atatu onsewo ndi iye anaperekeza mlamu kuchipatala. Ndi iye ankathamangira kuyankha nesi, mlamu asanatsegule pakamwa potupapo. Pobwerera ankamugulira maswiti ngati mwana, n'kumamuuza kuti banja n'kupirira.

"Mlamu, sindinabwere kudzakuzengani mlandu," anatero mlamu wake, atapendeketsa mutu kuti khutu lamanja likhale kutsogolo. "Ku gulu kwathu ndikafotokoza zanga, anzanga amandikhulupirira. Koma kukhoti pepala limandiposa mawu."

"Ine sukulu ndinalekezera panjira. Ndikanena chiyani pamaso pa anthu a matayi?"

"Zomwe munaona basi. Bodza lija munkalinena bwinobwino opanda satifiketi."

Mlamu anaseka pang'ono. Make Mapasa anangoyang'ana thovu likuphwa m'beseni.

Lachisanu Make Mapasa anasiya mapasa kwa oyandikana nawo, n'kuvala diresi lake losang'ambika, ulendo wa kukhoti. Achimwene ake anakhala kutsogolo, atapesa bwino, ndi tayi yomwe iye anawasitirapo kambirimbiri. Make Mapasa atafunsidwa, anafotokoza.

"Bafa lawo ndi la simenti yokhakhala, silingagwetse munthu. Ndinaona mizere ya lamba pamsana. Ndinaona magazi m'khutu. Amene anauza nesi kuti anagwa ndine, katatu konse. Ndinkateteza achimwene."

Loya wa achimwene anafunsa kuti khoti limukhulupirira bwanji munthu wovomera yekha kuti ndi wabodza.

"Bodza lija linkandisungira abale," anayankha. "Izi zikundichotsera. Sankhani nokha."

Lamulo linatuluka, ana anatsala ndi mayi awo. Achimwene akakumana ndi Make Mapasa pamsewu amawolokera tsidya lina. Amayi ake omubereka anabwera kudzatenga makina osokera omwe anamubwereka, osalowa m'nyumba, osanyamula ngakhale mdzukulu mmodzi. Mlamu anataya mano awiri ndi zaka zinayi. Khutu lake lamanzere silimvanso, ndipo linafa pa ulendo wachitatu wa kuchipatala uja, osati woyamba.