Envulopu Imene a Hopeson Anabisa

"Atsala masiku atatu," Mwajabu anawerenga pa sikirini, dzanja lili pachibwano. "A Hopeson, kalata ya ku Limbe ija sinafikebe?"

"Kodi ine ndasanduka positi ofesi?" a Hopeson anayankha osadzutsa n'komwe mutu.

Chonsecho kalatayo inali m'thumba la jekete yawo, ndipo inali itagonamo masabata atatu.

Esiteti ya tiyi inali itagula chikompyuta chachikulu ngati filiji, cholemba kulemera kwa masamba a lole iliyonse n'kutulutsa tikiti yolowera ku fakitale. Pulogalamu yake inabwera yongoyeserera, ya masiku 70. Masikuwo akatha imadzitseka yokha, pokhapokha mutalowetsa kiyi, manambala ndi zilembo zimene kampani yogulitsa ya ku Limbe imatumiza mu envulopu yomata. Kiyiyo amagwira pa makina amodzi okhawo basi.

A Hopeson anali atakhala kalaliki pa ofesiyo zaka 19, ndipo lole iliyonse ankaidziwa ndi kulira kwake komwe. Koma itakwana nthawi yotumiza munthu ku Blantyre kukaphunzira makinawo, bwana Crispin anasankha Mwajabu, mwana wa a Stambuli a golosale ku Khonjeni, wobwera dzulodzuloli. Atabwerako anam'patsa chipinda chozizira ndi mpando wozungulira. Tisanamizane, a Hopeson zinawapweteka. Akamva madalaivala akuitana kuti "Madamu a kompyuta," ngakhale tiyi sankatsika kukhosi.

"Chingotseka tsiku limodzi lokha," ankatero mumtima, "tione ngati setifiketi ya ku Blantyre imatsegula."

Lachinayi m'mawa chinatsekadi. Mvula inali itagwa sabata yonse, tiyi ataphuka mosaneneka, malole asanu ndi awiri ali ndondondo pageti. Masamba a tiyi sadikira munthu. Akakhalitsa m'matumba amatentha n'kufiira, ndipo fakitale imawakana. Mwajabu anaimba foni ku Limbe. Kumeneko anati kiyi anatumiza kalekale, ndipo wina sangatuluke mpaka eni pulogalamu a kunja avomereze, mwina masiku anayi.

Bwana Crispin analowa nsapato zili matope okhaokha.

"Masiku 70 athunthu, mayi, inu kumangoonerera nambala ikutsika?"

"Ndinaimba kawiri, bwana. Ankati atumiza."

"Atumiza kwa ndani, kwa mizimu? Tengani chikwama chanu mukadikire kunyumba. A Hopeson, khalani apo. Inu ndinu akale, onani chochita."

Eee, mpando uja! A Hopeson anakhalapo, n'kuzungulira pang'ono. Kukoma kwake kunatha asanazungulire kachiwiri. Sikirini inkafuna kiyi, kiyi ali m'thumba, koma polembera pake sankapadziwa. Anadina apa, makina n'kulira. Anadina apo, chimodzimodzi. Thukuta linayamba kutsika m'chipinda chozizira chomwecho.

Atasuzumira pawindo anaona alimi a minda ing'onoing'ono amene anakwera nawo malole akupisa manja m'matumba kumva kutentha. Pakati pawo panali mlongo wa a Hopeson, Teleza wa ku Changata, amene anathyola tiyi wake kuyambira m'bandakucha. Anali atakhala pathumba lake, manja ali kunkhongo.

A Hopeson anathamanga mpaka kumsewu, munthu wamkulu ndi mimba yake. Anapeza Mwajabu akukwera kabaza.

"Achemwali, taimani! Kalata ija yapezeka! Inagwera kuseri kwa kabati."

Mwajabu anatsika, n'kubwerera nawo ku ofesi, kumene bwana Crispin anali chiimire. Analandira envulopu ija n'kuitembenuza kuti aing'ambe, kenaka manja ake anaima. Kumbuyo kwake kunali chidindo cha ofesi, deti la pa 9 Januwale, ndi siginecha ya a Hopeson yokhotakhota bwino. Zaka zonsezo kalata inali isanadutsepo m'manja mwawo osaidinda. Tsiku lija dzanja linadinda lokha, mtima usanaganize zobisa.

Anayang'ana chidindocho, n'kuyang'ana a Hopeson. Iwo anangoti maso pansi.

"Kwalembedwa chiyani kumeneko?" bwana anafunsa.

"Adiresi chabe, bwana," Mwajabu anatero, akusolola pepala la mkati.

Anakhala pampando wake, zala n'kuyamba kuthamanga. Pasanathe mphindi ziwiri pulinta inalira, tikiti yoyamba n'kutuluka, kunja madalaivala n'kuimba mahutala. Malole asanu analowa. Awiri a kumapeto fakitale inawabweza, ndipo thumba la Teleza linali momwemo.

Madzulo a Hopeson anazengereza pakhomo, jekete ili paphewa.

"Achemwali, chienvulopu chija ndipatseni ndikakutayireni."

"Ayi, musavutike, bambo," Mwajabu anayankha mwaulemu wonse. "Zinthu za ofesi sititaya."

Anaiika mu dilowa ya desiki yake, n'kukhoma. Kuyambira tsiku limenelo, dilowayo ikangolira, a Hopeson amasiya kulemba.