Thabwa Lakumapeto kwa Nsanja

Mwana wa mlongo wanga anabadwa wosamva. Kunyumba timamutchula Chidendene, chifukwa ng'oma amaimvera kumapazi: ine ndikamaimba, matabwa amanjenjemera, iye n'kumavina mpaka anthu kuiwala kutseka pakamwa. Tsiku lina gulu lalikulu la zovina linkasankha munthu mmodzi wolumala woti lizimuphunzitsa ndi kuyenda naye. Malo anali amodzi, kuvinanso kamodzi, basi.

Titalowa muholo, maso anga anathamangira kunsanja. Pansanja ponse anali atayalapo kapeti wofiira, wokhuthala ngati matiresi.

Ndinathamangira kwa mayi amene ankayendetsa mwambowo.

"Pepani mayi, kapetiyu achoke. Mwanayu samva, ng'oma amaimvera m'matabwa."

"Tayala dala, bambo," anatero akumwetulira. "Anthu athuwa akagwa asavulale. Tawaganizira."

"Munawafunsa?"

Kumwetulira kuja kunathera pompo. Anati alendo akhala kale pansi, sangayambe kukoka zinthu pamaso pawo. Ine pakamwa ndili napo, aliyense amadziwa, ndipo mawu oipa anali atafika kale pakhosi. Koma Chidendene anandikoka malaya n'kundiuza ndi manja kuti malume, mukatukwana atithamangitsa. Ndinabwerera kung'oma yanga.

Atamuitana, anavula nsapato n'kuima pakati. Ndinayamba kuimba. Iye anangoti njo, akufufuza pansi ndi zala zakumapazi, osapeza kanthu. Anayesa kutsatira manja anga ndi maso, koma wovina amatembenuka, ndipo akangondipatsa msana ankasokonekera. Phazi linkatera ng'oma itadutsa kale. Woweruza wina anayang'ana wotchi. Ndinakwiya, ndinamvanso chisoni.

Kenako anasiya kuvina. Ndinati basi, zathera pano. Koma anayenda mpaka kutsogolo kwenikweni kwa nsanja, kumene kapeti uja anaperewera. Kumeneko kunatsala thabwa limodzi losaphimbika. Kungopitirira pang'ono, munthu ukugwera pasimenti, ndipo nsanjayo inali yaitali kufika m'chifuwa mwanga. Anapondapo n'kundikodola.

Ndinanyamula ng'oma n'kukaikhazika pathabwa lomwelo. Nditangomenya kamodzi ndinaona mapewa ake akudzuka. Anavina pamenepo, zala zakumapazi zikusuzumira m'munsi. Akamazungulira, anthu a mipando yakutsogolo ankatambasula manja kuti amuwakhe. Ine mumtima ndinkangoti Mulungu wanga, mwanayu akathyoka mwendo, mlongo wanga ndikamuuza chiyani.

Mayi aja anakwera pansanja, nsapato zawo zazitali zili m'manja. Ndinkaganiza kuti akudzatiletsa, ndipo ndinali nditakonzeka kale kuti sindisiya. Koma anagwada ndi chovala chawo chodulacho n'kuyamba kupinda kapeti uja, okha, akupuma mwabefu. Thabwa lachiwiri linaonekera, kenako lachitatu. Chidendene ataona, anayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, osaphonya ng'oma, mpaka anakamalizira pakati pa nsanja.

Malo aja anapatsidwa iyeyo. Titatuluka panja ndinamukalipira ndi manja mpaka zala kundiwawa, ndikumufunsa kuti akanagwa zikanatha bwanji. Anandidikira ndimalize, akuvala nsapato zake mosapupuluma, kenako anandiyankha ndi manja omwewo.

"Malume, pathabwa paja mumaithamangitsa ng'oma. Mumaopa chiyani?"