Galimoto Yokwerera ku Damu

Mumsewu wawo wonse ankawatchula kuti Atelala, ngakhale panali patapita zaka chisiyireni kupalasa okha makina. Tsopano anali ndi shopu ya zipinda ziwiri, amayi asanu osoka, ndi sukulu zinayi zimene zinkasoketsa kwa iwo mayunifolomu chaka ndi chaka. Chimene chinkasowa pakhomo pawo ndi amuna awo. Analipo ndithu bambowo, amoyo ndi athanzi, koma kuntchito anawasamutsira ku damu lopangira magetsi, kumapiri, ndipo chaka chimenechi chinali chachisanu ndi chimodzi.

Poyamba ankabwera mwezi uliwonse. Kenaka inakhala miyezi iwiri, nthawi zina itatu, chifukwa basi inkathera m'munsi mwa mapiri ndipo kuchokera pamenepo munthu ankadikira lole ya kampani, imene inkayenda tsiku limene yafuna. Atelala anapitako kamodzi kokha, nabwerako miyendo itatupa ngati mitsamiro. Ana awo awiri anali atakula n'kuchoka. Chinatsala ndi foni ya m'mawa uliwonse, bambo asanalowe shifiti, ndipo nayonso inali itafupika. Ankafunsana za mpopi wodontha, za mapiritsi a kuthamanga kwa magazi, za mwana amene waimba ndi amene sanaimbe. Foni ikaduka, Atelala ankakhala kaye pamphepete pa bedi ndi nsapato imodzi kuphazi, akuyesa kukumbukira chimene amafuna kunena.

Kagalimoto kawo kakale, kamene kankanyamula mipukutu ya nsalu, kanafera pakhomo pa sukulu ina ana akuonerera. Achimwene awo, amene anali makaniko, atakayang'ana anati kapuma, kasiyeni kagone. Motero Lachiwiri lina Atelala anavala diresi yawo yabuluu n'kupita kogulitsa magalimoto.

Maso awo anagwera pa galimoto zazitali zija zosaopa maenje, zimene ogulitsa amati SUV. Panali ziwiri zitaima moyandikana, ina yoyera ina yotuwa, zofanana ngati mapasa. Wogulitsa, bambo wa dazi wovala tayi yofupika, anatsegula maboneti onse awiri n'kufotokoza kuti kusiyana kuli m'katimo. Yoyera inali ndi injini wamba, yaikulu, yosavuta kukonza, koma yomwa mafuta. Yotuwa inali ndi injini yocheperapo yokhala ndi tebo, kachipangizo kozunguzidwa ndi utsi, kamene kamakankhira mpweya wambiri m'injini kuti ikoke ngati yaikulu. Atelala anasuzumira uku, nasuzumira uku, osaona chilichonse chowauza zochita. Galimoto zonse za m'banja mwawo ankasankha ndi bambo. Iwo ntchito yawo inali kusankha mtundu wa penti basi.

"Mayi, galimotoyi muzipita nayo kuti?" anafunsa wogulitsayo.

Anamuwerengera sukulu zinayi, kogula nsalu, ndi kutchalitchi. Damu linafika pamilomo, koma analimeza. Wogulitsa anati ngati ndi maulendo amenewo, iliyonse ikwanira, apite akaganize.

Anadzera kugalaja kwa achimwene awo. Anawapeza kunsi kwa lole, kukuoneka mapazi okha, ndipo nkhani yonse anakambirana ndi mapaziwo. Achimwene anati injini wamba angaiphwasule ndi kuibwezera maso ali chitsinzinire, pomwe tebo ndi mlendo wosankha zakudya: imafuna oilo wabwino, pa nthawi yake, ndipo imanyansidwa ndi timaulendo ta apa ndi apo timene injini sitenthako n'komwe. Ikafa, munthu umalira ndi diso limodzi kwinaku ukuyang'ana m'thumba. Anaonjeza kuti chabwino chake n'chimodzi, pachitunda siipuma wefuwefu, makamaka kumtunda kwenikweni kumene mpweya ndi wochepa, ngati kwa alamu kuja.

Apa anatuluka kunsi kwa lole, akupukuta manja. "Koma inu achemwali, kwa alamu mupitako liti? Gulani wamba, musandivutitse."

M'mawa mwake anawauza bambo pafoni. Kumbuyo kwa mawu awo kunkamveka kulira kwa makina a kudamu, phokoso limene Atelala anali atalizolowera ngati kuti ndi mbali ya mawu a amuna awo. Bambo sanachedwe kuyankha.

"Gulani ya injini wamba, mayi. Imeneyo tikhala nayo zaka makumi awiri. Tebo ndi ya anthu oyenda mitunda italiitali. Ife tipita nayo kuti?"

Atelala anavomera, nafunsa ngati amwa mapiritsi, foni n'kuduka. Tsiku limenelo kushopu anadula manja a malaya khumi ndi awiri onse a mbali imodzi. Amayi osoka anangoyang'anizana. Mawu aja ankangobwerera: ife tipita nayo kuti. Ndiye kuti m'mutu mwa bambo munalibemo chithunzi cha mkazi wawo akutulukira pageti la kudamu. Mwina anazolowera kukhala okha. Mwina kumeneko kunali kwabwino choncho.

Loweruka anabwerera kogulitsa kuja kuti akaziyese. Wogulitsa anakhala pambali, nawalozera msewu wokwera kumathanki a madzi a mzindawo, chitunda chachitali chokhota kawiri. Anayamba ndi yoyera. Atangoiliza, mtima unawawa, chifukwa inalira ndendende ngati galimoto yawo yoyamba, ija ankakwera onse anayi ana ali aang'ono, bambo dzanja lili pa giya, akuimba nyimbo zosadziwa mawu ake. Inakwera chitundacho mokhulupirika, ikubangula, mphamvu yake ikubwera pang'onopang'ono monga mmene phazi likupondera. Pamwamba Atelala anaimika galimoto n'kumangosisita chiwongolero, mpaka wogulitsa anafunsa ngati mpando wawathina.

Yotuwa inalira motsitsa, ngati munthu wodziwa chinsinsi. Pachitunda anaponda moto, ndipo kwa kamphindi sipanachitike kanthu. Kenaka china chake chinawakankha kumsana, mitengo ya m'mbali n'kuyamba kuthawira kumbuyo. Anachita mantha, ndipo mantha ali mkati anadzimva akuseka. Atafika pamathanki anaimika n'kumuuza wogulitsayo zimene anabisa Lachiwiri: kuti kuli phiri lina, kutali, ndipo pamwamba pake pali amuna awo.

Wogulitsa anakanda dazi lake. Anati sangawanamize, zonse ziwiri zikafika. Yoyera ikafika ikulira m'giya yotsika, makamaka akanyamula katundu, pomwe yotuwa ikakwera osadandaula. Anawalangiza kuti akasankha yotuwa, akamaliza kukwera asamazimitse nthawi yomweyo, aziisiya ilire kaye mphindi ziwiri kuti tebo izizire.

Anasankha yotuwa. Achimwene atamva anagwira m'chiuno n'kupukusa mutu, kenaka anawalembera dzina la oilo pachikatoni n'kuwauza kuti akadzathira wina asadzawadziwe. Kwa bambo anangoti agula, ndipo bambo anati zikomo, mwachita bwino, osafunsa kuti iti.

Milungu itatu anayenda nayo mumzinda momwemo, akuizolowera m'makona ndi poimika. Lachisanu la mlungu wachinayi anasiya makiyi a shopu kwa mayi wamkulu mwa osoka aja, naika kumbuyo bulangete latsopano, malaya atatu amene anasoka ndi manja awo, ndi chikwama chaching'ono. Ananyamuka dzuwa likutuluka, osauza bambo.

Msewu unali wautali kuposa mmene ankaukumbukira. Anadutsa minda, timatauni ta msewu umodzi, milatho iwiri. Masana anafika pamene basi imathera, naona anthu atakhala pa katundu wawo kudikira lole, ndipo anatengako mayi wina wa mwana kumsana amene ankapita kumudzi wa pakati pa phiri. Kuchokera pamenepo msewu unayamba kupindika ngati ulusi wogwa pansi. Kumanzere kunali thanthwe, kumanja phompho. Makutu anatseka. Atelala anagwira chiwongolero mpaka zala kuchita dzanzi, koma galimoto inkangokwera, kona ndi kona, osasintha mawu. Atamutsitsa mayi uja anatsala okha ndi nkhungu yopyapyala, ndipo m'pamene anayamba kudzifunsa chimene akanene akafika.

Pageti mlonda anaimba foni kumakina. Anawalozera nyumba za antchito, timanyumba khumi tofanana, ndipo anaima pa kachisanu ndi chiwiri. Posakhalitsa anaona munthu akubwera chothamanga pang'ono, atavala ovolosi, chipewa cholimba chili m'manja. Anali ataonda. Imvi zinali zitafika mpaka m'nsidze, ndipo mwendo umodzi wa magalasi awo unali womangidwa ndi waya. Zonsezi pafoni sizinkamveka.

"Kwagwanji kunyumba?" anafunsa bambo, akupuma mofulumira.

"Kulibe chagwa."

"Nanga mwabwera ndi ndani?"

"Ndekha."

Bambo anayang'ana mkazi wawo, nayang'ana galimoto, nayang'ananso mkazi wawo. Kenaka anafunsa chifukwa chimene sakuzimitsira injini. Atelala anayankha kuti akudikira tebo izizire. Bambo anapita kutsogolo kwa galimotoyo. Anatsegula boneti n'kuima pamenepo, akuyang'ana chivundikiro chakuda chimene chinaphimba pafupifupi chilichonse, ndipo anachisisita ndi chala ngati munthu wofufuza khomo pakhoma.

M'nyumbamo munali mpando umodzi, mbale imodzi pa sinki, ndi bedi loyalidwa bwino kwambiri. Atelala anakhala pabedi, bambo pampando. Anamwa tiyi, wina m'kapu wina m'botolo lodulidwa pakamwa, akukamba za msewu. Pofuna kukankhira chikwama chawo kunsi kwa bedi, Atelala anamva chagunda chitsulo. Anakoka, napeza bokosi lofiira la zipangizo. M'kati munali masipanala oyalidwa mwa ukulu wake, onyezimira, ena akadali m'mapepala awo.

Bambo anachita manyazi ngati agwidwa ndi kalata ya chibwenzi. Anafotokoza kuti akhala akugula chimodzichimodzi akatsikira kutauni. Zaka ziwiri zikubwerazi apuma pantchito, ndipo chimene chimawagoneka tulo kuno n'kuganiza za Loweruka la kunyumba: galimoto ili pabwalo, iwo ali kunsi kwake, wailesi ikulira pawindo, mayi akuwakalipira kuti tiyi akuzizira.

"Injini wamba ndimaidziwa," anatero motsitsa. "Nanga iyi ndikagwira pati?"

Atelala anatseka bokosilo pang'onopang'ono. Anawauza mmene mawu aja a pafoni anawalasira, ndi kuti anaganiza kuti sakufunidwa kuno. Bambo anavula magalasi n'kuyamba kukonza waya uja, ngakhale sunamasuke. Anati msewu umenewu anaonapo malole awiri atagwera kuphompho, ndiye akanayamba bwanji kupempha mkazi wawo kuti aziuyenda. Anati masiku ena akaweruka ankakaima pageti nthawi imene lole imafika, akudziwa bwinobwino kuti mulibe aliyense wawo.

Lamulungu masana Atelala anawapatsa makiyi. Anayenda msewu wa pamwamba pa khoma la damu, madzi ali phee mbali imodzi, kenaka anakhotera kokwera kunsanja ya mawaya. Bambo anaponda moto mokayika, nadikira, ndipo galimoto itawakankha kumsana anatulutsa kamawu kamene Atelala anali asanakamve zaka zambiri. Pobwerera anati injiniyo ndi yamwano, koma aizolowera. Anafunsa ngati bukhu lake lilipo, ndipo madzulo onsewo analiwerenga atakhala pakhonde, akulemba mizere ndi pensulo, mkazi wawo akuwapindira miyendo ya thalauza imene inali itayamba kukwekwereza pansi.

Lolemba m'mawa, asanalowe shifiti, bambo anayeza oilo kawiri, nagogoda matayala onse anayi ndi nsapato. Anawauza kuti potsika asadalire mabuleki okha, aike giya yotsika. Atelala analonjeza kubweranso pakatha milungu itatu. Bambo anati asadzivute, kenaka anafunsa kuti likhala tsiku lanji.

Anatsika phirilo mosamala, nafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Nyumba anaipeza yaikulu kuposa mmene anaisiyira. Anayenda chipinda ndi chipinda akutsegula mawindo, ndipo malaya awo ankanunkhabe sopo wa kudamu, moti sanafune kuwachapa tsiku limenelo. Kusowa kumene ankaganiza kuti ulendowu ukachepetsa kunali kutakula, chifukwa tsopano ankadziwa mpando umene bambo akhalapo, ndi mbali ya bedi imene akugona.

Mlungu womwewo anaitana mmisiri womanga n'kumuonetsa kuseri kwa nyumba, pamene panali udzu ndi zingwe zoyanikira zovala. Anamuuza kuti akufuna pathiridwe simenti yosalala ndi kadenga ka malata pamwamba. Mmisiriyo anatulutsa tepi n'kufunsa kukula kwake. Atelala anayenda masitepe angapo, naima, nabwerera, n'kumuuza kuti pakwane galimoto, munthu wogona m'mbali mwake, ndi mpando umodzi chapafupi. Mmisiri anati simenti imafuna milungu ingapo kuti ilimbe bwino, ndipo iwo anayankha kuti asathamange, nthawi ilipo.