Dothi la Pansi pa Dzina

Mwana wanga Griffin anaphunzira mpaka tsitsi kutha m'mutu, koma kuyankhula sadziwa. Chaka cha 1999 anaimba foni pa golosale ya pa Lizulu, pafupi ndi pamene ndimagulitsira mbatata ya kachewere, nati: "Amayi, agogo ndawapeza. Ali ku Nairobi kuno, ku Ngong Road." Mwini golosale anamva. Dzuwa lisanalowe mudzi wonse unali utadziwa kuti bambo anga a Vitus ali moyo ku Kenya.

Bambowo ine sindinawaonepo. Anapita kunkhondo yachiwiri ya azungu mayi anga a Bessie ali ndi pakati pa ine. Kenako kunabwera mesenjala wa boma kudzanena kuti sitima imene anakwera inaphulitsidwa ndi adani pakati pa nyanja yamchere, inamira ndi onse, asilikali ndi oyendetsa omwe. Akuchimuna anakana. "Mtembo uli kuti? Ife sitisudzula mkazi wa munthu wamoyo." Basi mayi sanamasulidwe. Wapabanja ayi, wamasiye ayi, anangokhala ngati katundu woiwalika pa depoti.

Akuchimuna aja anatha kufa, kunatsala azakhali a Vailet okha, mlongo wawo wa bambo, nkhalamba yamakani ngati bulu. Ndiye kunali a Petro, oyandikana nafe, amene akhala akuwafolera mayi denga ndi kuwawazira nkhuni chiyambire ine ndili namwali. Mayi atayamba kudwaladwala anandiuza mosabisa: "Sindifuna kufa ndili mkazi wa munthu amene ndinakhala naye dzinja limodzi. Ndife ndili wa a Petro." Koma kukwatiwa asanasudzulidwe sakanalola, ngakhale abusa atawakoka dzanja.

Azakhali anali atayamba kufewa, koma foni ija inaononga zonse. Azakhali anaimba nthungululu. "Ndinkanena ine! Achimwene anangotchona!"

Ndinamuimbira Griffin n'kumukalipira, iye n'kumati, "Ayi amayi, ndimanena kumanda a asilikali." Nditawauza azakhali anapukusa mutu.

"Ubwere nawo eni akewo. Apo ayi, ubwere ndi dothi la pamanda pawo. Ndikaona dothi, ndisudzula."

Ndi mmene ndinasiyira mbatata zanga m'manja mwa anthu n'kukwera ndege.

Griffin amakhala ku Madaraka, m'nyumba zosanjikizana ngati makireti a zakumwa. Kutacha ndinati tiye, sindinabwerere kudzaona makatani. Anavala tayi ndi chikhadi cha kuntchito kwake ku Gigiri, chija amakoleka m'khosi ngati belu la ng'ombe. Wa takisi atatchula mtengo, mwanayo anali atatsegula kale chitseko. Ndinachitsekanso. Chiswahili ndinali nditatola mawu awiri, "bei gani" pofunsa mtengo ndi "punguza" pouza munthu kuti atsitse, ndipo anakwanira.

Manda akewo, abale inu! Udzu wometa bwino kuposa mutu wa mwana wasukulu. Maluwa. Mipope ikuthirira kapinga, kwathu chimanga chikupsa ndi dzuwa. Miyala yoyera ndondondo ngati mano oikirira. Wolira panalibe ndi mmodzi yemwe. Ndinamanga chitenje bwinobwino, kukonzeka kugwada.

"Ndi ati?"

"Tiyeni kutsogoloku, amayi."

Tinadutsa miyala yonse mpaka kukafika pa zipilala zodzaza zilembo kuchokera pamwamba mpaka pansi. Griffin anavula magalasi, nalozetsa chala. "Ndi apa."

Sukulu ndinalekeza Sitandade 2, koma V ndimamudziwa, amaoneka ngati phanda la legeni.

"Dzina ndaliona. Munthuyo ali pati?"

"Amayi, sitima inamira. Mitembo sinapezeke. Apa analembapo maina kuti anthu azikumbukira."

"Ndiye iwe unati wawapeza?"

"Ndimatanthauza dzinalo."

"Iwe Griffin, ine ndikakuuza kuti ndakupezera mkazi, n'kukupatsa dzina papepala, ungagone nalo?"

Anayang'ana uku ndi uku kuopa kuti wina wamva. Ndinayang'ananso chipilalacho. Azungu anamutenga munthu wamoyo ndi miyendo yake iwiri, munthu wa kumapiri wosadziwa n'kusambira komwe, kukamukweza pamadzi a eni ake. Atamutaya, anabweza zilembo. Zilembozonso osabweza ku Ntcheu kumene kuli omulira, koma kudzaziimika ku Nairobi, kumene kulibe ndi nyanja yomwe. Ine kasitomala atanditengera thumba la mbatata n'kundibwezera chizindikiro cha pathumba, tingaonane kupolisi.

"Anali ngwazi, amayi," anatero Griffin ndi mawu a m'tchalitchi.

"Ngwazi ya ndani? Anakufunsa?"

Ndinagwada m'munsi mwa chipilala, pamene kapinga amathera. Dothi linali lolimba, zikhadabo zinakanika.

"Bweretsa chikhadicho."

"Amayi, ichi n'cholowera ku ofesi!"

"Lero chigwireko ntchito."

Ndinamuvula ndekha m'khosi n'kuyamba kupala. Posakhalitsa mlonda anatulukira akuthamanga, akundiletsa kukumba. "Mama! Hapana chimba! Hapana!"

Griffin anayamba kupepesa m'Chingelezi, thukuta kamukamu. Ine ndinamuyang'ana mlondayo m'maso, ndinaloza V uja, n'kudzimenya pachifuwa. "Baba." Kenako ndinatambasula manja onse awiri pamodzi: dothi lochuluka chonchi. Iye anapukusa mutu, natsina zala ziwiri ngati wothira mchere m'ndiwo. Ndinaseka. Malonda ndiye anali atayamba. Ndinabweza dzanja limodzi kumbuyo. Iye anawonjezera chala chachitatu. Ndinakhala pansi, kutambasula miyendo, kumuonetsa kuti ndege yanga si ya lero. Anayang'ana kugeti, anayang'ana imvi zanga.

"Kidogo tu, mama," anatero, kutanthauza pang'ono chabe, n'kutembenuka kukayang'ana mitengo.

Ndinatapa dzanja lodzaza, n'kumanga pa nsonga ya chitenje.

"Koma amayi," Griffin ananong'ona, "mukawauza azakhali kuti ndi dothi la pamanda? Limenelo ndi bodza."

"Waononga kale ndi pakamwa pako, usandiphunzitse kuyankhula."

Ndisananyamuke ndinayankhula ndi chipilalacho, poti china choyankhula nacho panalibe. "A Vitus, ndine mwana wanu, simundidziwa. Mkazi wanu wakalamba akudikira. Inu khalani ndi nsomba zanuzo, iwo asiyeni."

Nditafika kumudzi sindinaname. Ndinamasula mfundo pamphasa ya azakhali, mayi ndi a Petro ali pomwepo. "Manda kulibe. Munthu ali m'madzi. Ili ndi dothi la pansi pa dzina lake, ndipo ndi lokhalo limene azungu anatisiyira. Mukalikana, kwerani ndege mukafunse nokha."

Azakhali analipotokola ndi zala, dothi lofiira losafanana ndi lathu. Kenako anandifunsa:

"Dzinalo analemba bwino?"

"Ndinaona V."

Apo ndi pamene analira maliro a mchimwene wawo, mochedwa ndi moyo wanga wonse. Sabata yomweyo anawasudzula mayi.

Ukwati unachitika mvula isanagwe, mkwati ndi ndodo, mkwatibwi ndi ndodo. Pa awiriwo wa mano panalibe, ndiye nyama yawo ndinadya ndine. Griffin anatumiza uthenga woti chikhadi chija chinakalika, akuntchito anachita kumupatsa china. Ndinati amuuze kuti chakalecho asataye, ndi khasu labwino.