Chikwangwani cha Achimwene

"Mwaona chiyani?"

Aphunzitsi anali atazimitsa kale chithunzi chija pakhoma. Ndimo mmene ankachitira bambo amenewa: ntchito imene munthu wakhetsera thukuta sabata yonse ankaiwalitsa pakhoma kanthawi kongophethira diso, n'kuizimitsa, kenako n'kufunsa kalasi kuti yatolapo chiyani. Ankati munthu wa m'basi saima kuti awerenge chikwangwani chako, ndiye chimene sanachione podutsa wachivutikira pachabe.

"Mbuzi!" anakuwa mnyamata wina kumbuyo.

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Mzime anangoti mutu zyoli.

"Si mbuzi," anatero chapansipansi. "Ndi makina osokera."

"Makina osokera okhala ndi nyanga?" anafunsa aphunzitsi aja.

Dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale. Pasukulu yophunzitsa kukonza zithunzi, zilembo ndi zikwangwaniyo aliyense ankangowatchula kuti a Chotsani, chifukwa mawu amenewo sankachoka pakamwa pawo. Anayatsanso chithunzi chija n'kuyamba kulozaloza ndi rula.

"Timasoka, timapinda, timaika zipi, timachepetsa, timakulitsa, takulandirani nonse. Mwana iwe, ichi ndi chikwangwani kapena ulaliki? Chotsani ichi. Chotsani ichi. Mbuziyi nayo, chotsani. Diso nalo limafuna popumira, wamva?"

Imeneyi inali ntchito yomaliza ya maphunziro awo. Wophunzira aliyense anayenera kupeza munthu wabizinesi, kumukonzera chikwangwani chatsopano, sukulu n'kuchisindikiza pathabwa, ndipo mwiniwakeyo n'kuchikhoma pamalo pake. Umboni wake unali chithunzi cha chikwangwanicho chitakhomedwa. Wopanda chithunzi chimenecho anali wobwereza chaka, ndipo eni mabizinesi analembetsedwa kumayambiriro kwa teremu, osasinthanso. Anzake atabalalika m'misewu kukapempha eni masitolo, Mzime anangolembetsa mayi ake, amene anali telala, n'kumaseka anzakewo kuti akudzivutitsa. Eti walira mvula walira matope.

Maphunzirowa iye ankawakonda, pamenepo tisanamizane. Chaka choyamba anaphunzira kuti zilembo zili ndi mawu ake, zina zimakuwa, zina zimanong'ona. Anaphunzira kuti chofiira pa chobiriwira chimalasa m'maso, ndiponso kuti mpata wopanda kanthu si ulesi ayi. Kungoti kuyambira pamenepo msewu unasiya kumukomera. Akakwera basi maso ake ankangogwa pa zilembo zopanikizana, pa mivi yoloza kumene kulibe khomo, pa mawu oyamba ndi zilembo zikuluzikulu n'kumalizira ndi tating'ono chifukwa wolemba thabwa lamuthera. Ndipo chikwangwani choipitsitsa m'tauni monsemo ankachipeza akatsika basi, pamwamba pa khomo la kwawo.

Amene anachilemba ndi achimwene ake, ndi penti yotsala kwa aneba, asanapite kutali kukafuna ntchito. Mawu onse aja ndi makina a nyanga aja Mzime anazikopera pathabwa limeneli, mayi ake atamuuza kutero. Poyamba ankaimba foni, kenako mwa apo ndi apo, kenako zii. Panapita zaka, Mzime n'kukula, koma thabwalo silinasunthe.

Madzulo amenewo anawapeza mayi ake atagwada pansi m'kashopu kawo, akudula nsalu, mapini ali kukamwa. Kashopuko kanali kopanikiza: makina pafupi ndi zenera, tebulo losita, madiresi olendewera kudenga, ndi katani yobisa chipinda chimene awiriwo ankagona.

"Amayi, akananso."

"Akana chiyani? Si unaikamo zonse monga ndinakuuzira?"

"Ndiye chimene akanira. Akuti ndichotse mawu onse, patsale amodzi. Ndi makina aja akuti ndichotse."

Mayi aja analavulira mapini m'dzanja. "Ndiye sukulu yonseyi mukuphunzira kufufuta? Ine ndimayesa mukuphunzira kulemba."

"Amayi, musaseke. Ngakhale akanavomera, chakalechi chimayenera kutsika basi. Chatsopano chikapanda kukhomedwa, ine ndabwereza chaka."

"Khoma pambali."

"Pambali pati? Kuno chitseko, uko zenera. Malo ake ndi omwewo."

Mayi anaimirira pang'onopang'ono, atagwira bondo, n'kupita pakhomo. Analoza msewu ndi sizasi.

"Taona. Mtengo uja anadula. Wokonza njinga anasamuka. Msewu anaukuza, kutsogoloku amanga chinyumba chagalasi, ngakhale ine ndikachoka ku msika nthawi zina ndimapitirira. Pamsewu wonse uno chimene mkulu wako angachizindikire chatsala chimodzi. Akadzatsika basi, adzadziwa bwanji kuti tikadali pano?"

"Adzafunsa anthu, amayi. Pakamwa ali napo."

"Munthu wobwerera chimanjamanja safunsa, mwanawe. Amayang'ana chapatali, akaona kuti zasintha amabwerera. Ndimamudziwa, ndinabereka ndine."

Mzime anafuna kunena kuti munthu amene wakhala chete zaka zonsezi sabweranso. Anapsa mtima, anamva chisoni, ndipo chinamuwawa koposa n'chakuti panalibe woti amukalipire. Aphunzitsi sankalakwa. Amayi nawo sankalakwa.

M'mawa mwake anamufotokozera mnzake wapamtima, mtsikana wina amene onse ankamutchula kuti Wamagalasi. Uyo anangomuyang'ana pamwamba pa magalasi akewo.

"Iwenso usamakhale ngati wabwera dzulo. Teremu yatha tinaphunzira chiyani? Si kuika chikwangwani pachithunzi cha nyumba kuti kasitomala aone mmene chidzaonekere? Jambula shopu, ika chako pamwamba pa chakalecho pakompyuta, basi. Thabwa lenilenilo ubwere nalo kwathu, kunsi kwa bedi langa malo alipo."

"Akadziwa a Chotsani andithamangitsa sukulu."

"Adziwa bwanji? Bambo amene aja ndi galimoto yawo yoyera ija angapondeko kwanu kufumbi kuja? Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, mnzanga."

Mzime anakana tsiku loyamba, anakana lachiwiri, nthawi itamuthera anavomera. Chikwangwani chatsopanocho chinali chokongola ndithu: thabwa loyera, mawu amodzi okha akuti TELALA m'zilembo zonenepa zabuluu, singano ndi ulusi wopota pansi pake, ndi nambala ya foni ya mayi ake. A Chotsani anagwedeza mutu, sukulu inasindikiza, thabwa linakalowa kunsi kwa bedi la Wamagalasi. Kenako Mzime anajambula shopu ija dzuwa la m'mawa n'kukhala pakompyuta. Anafufuta zilembo za achimwene ake chimodzichimodzi, mbuzi ija pomalizira. Anaika chatsopanocho, anachipendeketsa pang'ono kuti chigwirizane ndi khoma lawo lokhota, anaikapo mthunzi wa malata, mpaka timitu ta misomali m'makona. Mwanayo luso anali nalo, ndipo ndi lusolo limene linamupachika.

Tsiku loonetsa zithunzi, chake chinawala pakhoma n'kuzima.

"Mwaona chiyani?"

"Telala!" inayankha kalasi yonse pamodzi.

A Chotsani anayatsanso, anayang'anitsitsa, rula ili m'manja. Anthu anadikira mawu aja. Sanabwere.

"Apa palibe chochotsa," anatero. "Ichi tichikulitsa, chikakhale pakhomo penipeni tsiku la chionetsero."

Anzake anaomba m'manja. Mzime anamwetulira ndi mano okha.

Atafika kunyumba anapeza mayi ake akuimba nyimbo, nsalu yatsopano ili pamakina.

"Bwera kuno, iwe wosaulula zabwino! Andiimbira aphunzitsi ako. Akuti nambala aiona pa ntchito yako, akuti waposa anzako onse, ndipo eni mabizinesi tonse tikufunika ku chionetsero. Ndiye unagwirizana nawo bwanji za chikwangwani?"

"Anangomvetsa," anatero Mzime, akuvula nsapato kuti asawayang'ane.

"Waona? Ndinakuuza kuti munthu ukamufotokozera bwino amamva. Tagwira apa, ndiyeze mkono."

Anayesa kuwauza. Anayesa pamene ankatsuka mbale, anayesa akuwagwirira diresi lija pomwe ankalisita. Nthawi zonse ankapeza mayi ake akusekerera, ndipo anali asanawaone akusekerera choncho chichokereni achimwene. Anayesanso kuwanyengerera kuti kumeneko kukhala anthu ambiri, bondo liwavuta. Mayi anati ngakhale chokwawa akafika.

Anafikadi, diresi latsopano lili pathupi, chikwama chili m'khwapa. Sanafunike kufunafuna. Pakhomo penipeni pa holo panali shopu yawo, yaikulu ngati chitseko: zenera lawo, khoma lawo lokhota, sitepe yawo yong'aluka. Pamwamba pa khomo panali thabwa loyera lija.

Mayi anaima. Anayang'ana nthawi yaitali. Anasendera pafupi, n'kukweza dzanja ngati akufuna kukhudza pakona pamene pankakhala makina a nyanga aja, koma analibweza. Mzime anali pambali pawo, akulakalaka nthaka itang'ambika.

"Amenewa ndiye mayi athu a telala?" A Chotsani anatulukira ali mwee, manja onse awiri atatambasula. "Mayi, ndikuthokozeni. Mukudziwa, anthu ambiri amakakamira zakale, ana athu amavutika nawo. Koma inu munalola kutsitsa chakale chija. Mwachiona bwanji chatsopanochi? Makasitomala akuti chiyani?"

Mzime anatseka maso. Mawu amodzi okha, ndiye kuti zaka zonse zija zapita m'madzi.

"Akuchiyamikira," anatero mayi aja, mawu awo osagwedera n'komwe. "Chikuoneka patali. Mwana mwamuphunzitsa bwino, aphunzitsi."

"Eyaa! Ndiye ine ndili ndi mathalauza ofuna kupinda. Loweruka ndibwera nawo ndekha, ndidzachionenso ndi maso. Ntchito ngati iyi siyongoonera papepala."

"Mudzatipeza," anatero mayi.

M'basi pobwerera Mzime akanakonda akanamukalipira, akanamutukwana pamaso pa anthu, koma mayi ake anangoyang'ana pazenera, chikwama atachikumbatira. Atatsika, anaima tsidya lina la msewu n'kuyang'ana thabwa lakale lija, zilembo zake zokwera ndi zotsika, penti yosuwa.

"Amayi, ndikawauza zoona," anatero Mzime, misozi ili chuchuchu. "Ndibwereza chaka. Musachitsitse."

"Ukawauze kuti ndi mayi ako omwe ananama? Sungabwereze, akuthamangitsa." Anapukuta kumaso ndi dzanja. "Thabwa lakolo lili kuti?"

"Kwa mnzanga."

"Kalitenge. Pobwera ubwereke makwerero kwa aneba."

"Nanga achimwene?"

"Ndili ndi ana awiri," anatero mayi. "Mmodzi ndi amene ndikumuona."

Anakwera ndi Mzime, mayi atagwira makwerero. Misomali inali ya dzimbiri, inkalira potuluka. Thabwalo litatsika, pakhoma panatsala chigamba cha penti yowala imene dzuwa linali lisanaione zaka zonsezo. Mayi analandira thabwalo, analipukuta ndi kansalu konyowa, n'kukaliimika kuseri kwa katani, kumutu kwa bedi lawo. Chatsopano chinakwanira bwinobwino, ndendende ngati pachithunzi paja.

A Chotsani anabweradi Loweruka, anaimika galimoto yawo yoyera patali, anayang'ana, anagwedeza mutu, anasiya mathalauza. Mzime anakhoza. Posakhalitsa anapeza ntchito pamalo ena osindikizira zikwangwani, ndipo makasitomala a mayi ake anawonjezekadi, zimenezonso tisabise.

Koma m'mawa wotsatira tsiku limene thabwa linatsika, Mzime anadzuka n'kumva chinthu cholemera chikukokedwa pasimenti. Anapeza mayi ake akulimbana ndi makina osokera pakhomo.

"Mukupita nawo kuti?"

"Pakhonde. Tagwira uko."

"Amayi, panja pali fumbi, nsalu za anthu zida. Dzuwanso likafika apa ndi loswa mtengo."

"Ndiziphimba. Tagwira."

Anawaika pafupi ndi sitepe yong'aluka ija, mpando utayang'ana kumene mabasi amaima. Mayi anakhala, analowetsa ulusi pasingano, n'kukonza mpango kumutu.

"Thabwa lija mkulu wako ankalidziwa," anatero. "Koma nkhope yangayi ndiye sangaiphonye."

Kuyambira tsiku limenelo ankasokera pamenepo, kukatentha, kukazizira, mvula ikamawaza amangosendera kukhoma. Basi iliyonse ikaima, phazi lawo linkaima pachopondera, mutu n'kudzuka, mpaka otsika onse atabalalika. Mzime anawachonderera, anawagulira ambulera, anafika ponena kuti abwezeretse thabwa lakale popeza satifiketi yatuluka. Mayi anakana, akuti ntchito ya mwana wawo sangaitsitse, anthu angamati yalephera.

Madzulo alionse, pochokera kuntchito, basi ya Mzime inkadutsa pakhomopo isanaime. Chikwangwani chake chinkaoneka bwino, choyera, chowerengeka m'kuphethira kwa diso monga anaphunzitsidwira. Iye sankachiyang'ana. Ankaona mayi ake m'munsi mwake, fumbi lili mbuu pampango, phazi litaima, akuyang'ana otsika m'basi mmodzimmodzi. Akamuona iyeyo ankamwetulira, kenako maso awo ankapitirira kwa wotsika pambuyo pake.