Chitseko cha Mbawa

Ndinali pakhonde ndikupaka vanishi chitseko changa chatsopano pamene mayi wina wovala chitenje chofwifwa analowa pabwalo popanda odi. Sanandiyang'ane n'komwe. Anakaima pansi pa mtengo wa mango n'kuyang'ana denga, mawindo, kenako khonde, ngati munthu wowerenga mbuzi zake pobwera kuulendo.

"Zikomo mayi, tikuthandizeni?" ndinafunsa, burashi ili m'manja.

"Ada, ndine Lettie, mkazi wa Weston Mhone," anatero m'Chichewa chake cha kunyanja. "Amuna anga amwalira ku Joni. Thupi lili m'njira. Ndabwera kudzasesa."

Ndinamupepesa monga mwa mwambo, kenako ndinamuuza mwaulemu kuti mwina wasokera. Nyumbayi ndinaigula kwa a Dingani Mhone, ndipo mapepala ndinali nawo. Mayiyo anangoti madzi oumbira njerwa za nyumbayi anawasenza ndi mutu wake. Dingani anali mlamu wake, mng'ono wa malemuyo, amene anangomusiyira makiyi kuti azitsegula mawindo. Atatero anatola tsache la mkazi wanga n'kuyamba kusesa bwalo langa.

Kuti mumvetse mmene mtima wanga unawawira, muyambe mwadziwa kumene ndinachokera. Zaka makumi awiri ndi chimodzi ndinagwira ntchito m'sitolo ya zipangizo zomangira ku Lilongwe. Ndinagulitsa maloko, mahinjesi, malata ndi simenti kwa anthu omanga nyumba zawo, ine madzulo n'kubwerera ku lendi. Kawale, Mchesi, Area 25, konseko ndinayenda ndi kiyi wa mwini wake m'thumba. Alandilodi ena ankawerenga alendo athu, ena ankaletsa ana athu kusewera pabwalo. Wina anatisamutsa mkazi wanga Eliza ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, ati mwana wake akukwatira. Lendi inkakwera Januwale aliyense. Poloti ya mumzinda nayo, ukasunga ndalama chaka chino, chaka chamawa yathawira patsogolo.

Ndiye mnzanga wina wa kuntchito anandiuza za nyumba yogulitsa ku Chintheche: zipinda zitatu, njerwa zootcha, malata, kamtunda pang'ono kuchokera pamsewu waukulu, pamtengo umene ku Lilongwe sungagule nawo ngakhale bafa. Eliza anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Ine ndinati mantha ngati amenewo ndi amene atikalambitsira m'nyumba za eni. Ana anali atakula, ndalama zanga zopumira pantchito zinali zitatuluka, ndipo ndinkaona kale kasitolo kanga ka misomali ndi penti pa Chintheche.

Ndinabwera ngati katswiri, ine! Ndinagogoda makoma, ndinakwera kudenga kufunafuna chiswe, ndinayenda malire onse ndi tepi. Dingani anali munthu wansangala, wosachedwa kukutchula achimwene. Ananditengera kwa amfumu, kalata inadindidwa, mboni ziwiri zinasaina. Zambiri anakambirana m'Chitonga, ine n'kumangogwedeza mutu ngati gulo. Ndinadzamva mochedwa kuti pamenepo n'kuti akuuza amfumu kuti mkulu wake wavomera pafoni.

Mafunso onse a m'tauni ndinafunsa. Limodzi lokha, limene aliyense wobadwira kuno akanayamba nalo, sindinafunse: anamanga nyumbayi ndani, ndipo ali kuti? Kuno nyumba yabwino yokhala chitsekere si yopanda mwini. Mwini wake ali ku Joni, akuthirira maluwa a mzungu, akutumiza ndalama ya lata limodzilimodzi kuti adzakhale ndi pofikira. Weston analibe mapepala omuloleza kukhala ku Joniko, choncho akanabwera kudzaona kwawo sakanabwereranso. Analamula kuti munthu asagonemo mpaka iye adzatsegule yekha, ndipo n'chifukwa chake Lettie ndi ana ankadikira kwa makolo ake ku Kande.

Chinthu choyamba chimene ndinachita nditalowa chinali kuchotsa chitseko chakale cha paini. Ndinabwera ndi changa kuchokera ku Lilongwe, cha mbawa, cholemera moti kunyamula kwake n'kwa amuna awiri, ndi loko amene abwana anandipatsa potsanzikana. Ndinachimanga ndekha. Tsiku loyamba ndinakiya, n'kutsegula, n'kukiyanso, mpaka Eliza anaseka n'kundifunsa ngati ndayamba misala. Pamene Lettie ankabwera n'kuti titagonamo masiku khumi ndi asanu ndi anayi.

Dingani ndinamuimbira tsiku lonse, foni yozima. Wina anati anamuona akukwera minibasi ya ku Mzuzu uthenga wa maliro utangofika.

M'mawa mwake kunabwera a Jeremiah Mhone, atate aang'ono a malemuyo, mkulu wa mpingo, wa jekete yakuda yotuwa m'mapewa. Akanabwera mokalipa bwenzi zili bwino, chifukwa kukalipa ndimakudziwa kuyankha kwake. Iwo anavula chipewa, anathokoza mpando, anafunsa ngati tayamba kuzolowera kutentha kwa kuno. Ndinawayalira mapepala anga patebulo. Anawawerenga onse bwinobwino n'kuwabweza ndi manja awiri.

"Ada Kachingwe, pepala lanu sitikulitsutsa lero. Zimenezo tidzakamba tikaika. Koma mwana wathu wakhala zaka zisanu ndi zinayi kwa eni, kumanga nyumba imene sanagonemo ngakhale kamodzi. Mukufuna tikamugoneke pansi pa mtengo?"

Ndinati akamugoneke kutchalitchi, kapena kwa mayi ake, kulikonse. Ndinafunsa kuti nanga ine ndalakwanji, munthu wogula ndi thukuta langa masana dzuwa likuswa mtengo.

"Simunalakwe," anatero. "Koma inunso mudzafa, ada. Kwanu ku Ntcheu n'kutali. Odzakukumbirani ndi anthu omwewa."

Atachoka ndinavala nsapato kuti ndipite kupolisi. Eliza anaima pakhomo. Anati apolisi adzalondera khomo tsiku limodzi, nanga mawa? Ndani adzagule msomali kwa munthu wobweza maliro? Iye adzatunga bwanji madzi pamjigo pakati pa amayi omwewo? Ndinamukalipira kuti akuikira kumbuyo anthu osawadziwa. Analowa kuchipinda n'kuyamba kulongedza mbale zake zadothi m'katoni yomwe tinabwera nayo ku Lilongwe, imene anali asanaitaye.

Lachisanu m'mawa anthu anadzaza bwalo. Amuna anatulutsa masofa athu, tebulo, kabati, n'kuziika pansi pa mango monga zimakhalira pamaliro. Amayi anayala mphasa pabalaza langa n'kuyamba nyimbo zimene sindinkazimva mawu ake. Aliyense wodutsa ankandiweramira n'kunena kuti yewu, ada, yewu. Kuthokoza kumeneko kunkandibaya kuposa chipongwe.

Galimoto ya ku Joni inafika cha m'ma thili koloko, yofiira ndi fumbi, ikukoka ngolo. Bokosi analigula anzake a malemuyo kumeneko, lalikulu, lonyezimira, la zogwirira zagolide m'mbali. Atafika nalo pakhomo linakana kulowa. Chitseko changa chinali chochindikala, ndipo ngakhale chitatsegulidwa mpaka kukhoma chinkadya malo okwana zala zitatu. Anayesa kupendeketsa, amayi anakuwa kuti munthu sapendeketsedwa. Onyamula anaima pakhonde thukuta lili kamukamu. Kenako ndinaona wina akubwera ndi chitsulo chozulira misomali, akulunjika pa mahinjesi.

"Musachikhudze!" ndinakuwa, mpaka nyimbo inadukiza.

Anthu onse anatembenuka. Ndikhulupirira ankaganiza kuti tsopano mlendo uja waonetsa mawanga ake. Inenso kwa kamphindi ndinaganiza choncho. Koma chimene ndinkaona ine chinali mbawa yanga itang'ambika. Ndinadutsa pakati pa amayi aja, ndinatenga sikuludiraiva yanga kuchipinda, ndinagwada pakhomo panga, mutu wa bokosi uli pamwamba pa phewa langa, n'kumasula masikuluwu asanu ndi atatu, limodzilimodzi. Thabwa sindinalikande. Amuna awiri anachinyamula n'kupita nacho pansi pa mango. Weston analowa m'nyumba yake. Ine ndinaika masikuluwu m'thumba momwe munali kiyi.

Tinaika Loweruka. Ataika anati namfedwa sachoka m'nyumba ya maliro mpaka mwambo wonse utatha, ndipo ife tinabwereka zipinda ziwiri kuseri kwa sitolo ya a Rashidi, ogulitsa usipa pa Chintheche, poyesa n'za mwezi umodzi. Mwezi utatha anati ana a Weston alibe kwina kopita. A Jeremiah anasunga mawu awo, tinakamba ndithu, kwa amfumu kawiri, kenako kukhoti. Nkhani ikafika pa Dingani imaima, pakuti mpaka lero palibe amene akudziwa kumene ali. Lettie sindimuda. Ndayesetsa kumuda, zandikanika, ndipo zimenezo zimandipsetsanso mtima. Chaka chino n'chachinayi. A Rashidi ndi munthu wabwino, koma nawonso Januwale amamudziwa.

Lettie anabwezeretsa chitseko chakale cha paini chija. Kawiri konse watumiza uthenga kuti ndikatenge changa, ndipo Eliza amati ndikachitenge tigulitse. Ndikachimange pati? Nyumba ya lendi ili kale ndi chitseko cha mwini wake.

Sabata yatha ndinadutsa njira ya kumeneko pochokera kokapereka penti. Sindinafune kuyang'ana, koma maso alibe mpanda. Chitseko changa anachigoneka pa njerwa zinayi pambali pa mango, pamene pamafika dzuwa. Vanishi yense anasupuka. Pamwamba pake Lettie anayanikapo chinangwa chake chovuula cha kondowole, mbuu kuyambira kumutu mpaka kumiyendo, ndipo nkhuku imodzi inkajompha pabowo la kiyi. Ndinapisa dzanja m'thumba. Kiyi anali momwemo.