Suti ya kwa Hussain

Bambo anamwalira Lachinayi m'mawa, mu Juni 2014, ndipo ine sindinalire. Ndinangoti duu pamkeka, anthu akulira m'malo mwanga. M'mutu munali chinthu chimodzi basi: suti. Ankakonda kunena kuti, "Petronela, tsiku langalo mudzandiveke ya kwa Hussain."

Ana a kaunjikawa sangadziwe. Kwa Hussain inali sitolo ya ku Limbe komwe ankagula zovala mabwana, ife a ku Bangwe tinkangoyang'ana pagalasi n'kumeza malovu. Bambo, a Rafaeli, anagwirako ntchito zaka makumi awiri. Ankapinda mathalauzi ndi kusokerera dzina la wogula mkati mwa jekete ndi ulusi wofiira, poti suti ya kumeneko sinkatuluka yopanda dzina. Sitoloyo itatsekedwa mu 2006, mwini wake anawapatsa suti imodzi yotuwa. Zikomo wake anali yemweyo.

Loweruka, tsiku loika maliro, ndinatsegula sutikesi yawo. Munalibe.

"Ili kwa a Willard owotcherera aja," anatero mayi. "Akukwatira lero lomwe. Abambo ako anawabwereka sabata yatha."

Ndiwo anali matenda a bambo amenewo. Aliyense wofuna kukwatira ku Bangwe ankangogogoda, iwo n'kumuyeza, kufupikitsa kapena kutalikitsa thalauzi, osalandira ngakhale Fanta.

Ndinawapeza a Willard ali pabwalo atavala kale, galimoto itamangidwa maliboni. Atangondiona anavula jekete.

"Pepani achemwali, zovutazi tamva. Ndimasowa poyambira. Tengani, ine ndikwatira ndi shati, palibe vuto."

Ndinaitembenuza kuti ndiipinde, ndiye ndinaona mkati muli psuu ndi ulusi. Mayina. Thom, Luckson, Majidi, Samuel, kutsika mpaka kuthumba. Ndinawerenga khumi ndi asanu ndi anayi, n'kusiya. Lomaliza linali la Willard, zilembo zake zokhotakhota, poti dzanja la bambo linali litayamba kale kunjenjemera. Ndinafufuza kukolala, m'mikono, m'matumba. La Rafaeli munalibe. Zaka zisanu ndi zitatu akuisita, sanaivalepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Ndinadikira kuti mtima uwawe. Sunawawe. Ndinkangomva kuzizira kumapazi.

"Valani achimwene," ndinatero. "Mkwatibwi akudikira kutchalitchi."

Bambo tinawaveka shati yoyera ndi juzi yabuluu yomwe ankapita nayo ku Misa. Masana, adzukulu akutsitsa bokosi, kumsewu kunadutsa magalimoto a ukwati akuliza mahutala, ndipo atafika pafupi ndi manda anasiya kuliza.

Mayi anandikoka chitenje.

"Nanga suti ija?"

"Ndaisiya komweko."

Anangogwedeza mutu. Moyo wawo wonse bambo anandipempha chinthu chimodzi chokhacho, ndipo amene ndinawamana ndine.